ZA CUMA PA MUDZI: Kobiri Lolakwika Posula ndi Kobiri Loonongeka

Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, ndalama nkuyamba kuyenda m'midzi, pamayendanso mphekesera ina imene ikana kufa. Mphekeserayo ndi yakuti kuli anthu olemera, ena a kunja kwa dziko lino, amene afunafuna makobiri akale ndi makobiri opunduka, ndiponso kuti kobiri limodzi lotere lingathe kugulira munthu ng'ombe zapagoli pamodzi ndi ngolo yomwe. Ikangomveka, nkhalamba zimamasula mipango ndi kukhuthula zitini zimene zakhala pansi pa kama kuyambira masiku a Federation. Wina apeza 10 ngwee yopindika, wina apeza peni yobenthuka mbali imodzi, ndipo usiku umenewo tulo sitibwera.

Cimene cicititsa nkhaniyi kukhala yobvuta ndi cakuti si yonse imene iri yabodza. Alipodi anthu amene amasonkhanitsa makobiri monga zokonda zao, ndipo amalipira bwino akapeza kobiri limene linalakwika pa nthawi imene linali kusulidwa. Koma makobiri ambiri ooneka zacilendo amene apezeka m'nyumba za anthu sanalakwike ku fakitale ai. Anaturuka ali bwinobwino, naonongeka pambuyo pace m'manja mwa anthu, m'moto, m'nthaka kapena pansi pa nyundo. Kobiri loonongeka motere liribe mtengo ngakhale pang'ono kwa osonkhanitsa aja. Munthu wosadziwa kusiyana kumeneku angagulitse mbuzi kuti apeze ya basi yocokera ku Lundazi kapena ku Petauke kupita ku Lusaka, nkukabwerako wopanda mbuzi ndi wopanda ndalama. Coipa koposa, angapereke ndalama za thonje lace lonse kwa kathyali amene wamgulitsa kobiri lopalidwa ndi tupa.

MMENE KOBIRI LIPANGIDWIRA

Kobiri silisulidwa monga khasu pa cipala. Ku fakitale yosula ndalama citsulo cimapsinjidwa m'makina kufikira cikhale copyapyala mofanana ponseponse, ndipo pamenepo makina ena amaboolamo tizidutswa tozungulira, monga mmene mai wophika masikono amadulira ufa wokanda ndi kukamwa kwa kapu. Tizidutswa timeneti timakwezedwa mkombero m'mbali, wonga mkombero wa licero, ndipo pambuyo pace kalikonse kamagwera m'kati mwa mphete yolimba, pakati pa zidindo ziwiri, cina pansi cina pamwamba. Zidindozo zimenya ndi mphamvu ya matani ambirimbiri, kotero kuti citsulo cozizira cimayenderera nkudzaza maenje onse a m'cidindo. Nkhope, malemba, caka ndi timizere ta m'mbali, zonsezi zimabadwa pa kumenya kumodzi komweko. Makina a masiku ano amaturutsa makobiri mazanamazana pa mphindi imodzi, ndico cifukwa cace olakwika ena amapulumuka m'maso mwa oyang'anira.

Tsono kulakwika kweniweni kuli ndi makomo atatu okha. Kadutswa kacitsulo kangakhale kolakwika kasanamenyedwe, cidindo ceniceni cingakhale colakwika kapena cosweka, kapena kumenyako kungacitike kadutswa kasanakhale bwino pamalo pace. Ciriconse cimene sicingalowere pa makomo atatu amenewa cinacitika kobiri litaturuka kale. Funso loyamba la munthu wanzeru likhale lakuti: kodi makina aja angathe kucita cimene cioneka pa kobiri ili? Makina osula ndalama alibe tupa, alibe msomali, ndipo alibe moto wa nkhuni.

Pali cinthu cimodzi cimene munthu akacigwira bwino wathetsa theka la mlandu. Cidindo ndi cotembenuka: pamene pali dzenje m'cidindo, pa kobiri pamakhala potukuka. Cidindo cikang'ambika cifukwa ca kukalamba, citsulo ca kobiri cimalowa mu mng'alu umenewo, ndipo pa kobiri pamaoneka kamzere kotukuka, kosalala, konga mtsempha wa pa dzanja la munthu wolima. Koma mpeni kapena msomali ukakanda kobiri umasiya ngalande yolowa pansi, ndipo m'mphepete mwa ngalandeyo mumakhala citsulo cokankhidwira pambali, monga dothi limene pulawo isiya m'mbali mwa mzere. Cikhadabo cokha cikwanira kuuza munthu ngati mzerewo uli wotukuka kapena wolowa.

Kulemera nakonso sikunama. Kumenya kwa zidindo sikuonjeza citsulo ndipo sikucotsako. Kobiri limene linamenyedwa litatsetserekera pambali limaoneka loipa ndithu, mbali ina yopanda kanthu yonga mwezi wongooneka kumene, koma likaikidwa pa sikelo limalemera cimodzimodzi ndi linzace labwino. Ndiponso kutsetsereka kumeneku kumaoneka kumaso ndi kumbuyo komwe, kolozera mbali imodzi. Kobiri limene wina anafafaniza mbali imodzi pa mwala wonolera limapepuka, limapyapyala mbali yopalidwayo, ndipo pa dzuwa pamaoneka timizere tambiri tolondolana. Sikelo yoyenera nchitoyi ndi yaing'ono, yowerenga tizigawo ta galamu, yonga imene ipezeka m'cipinda ca sayansi pa sukulu ya sekondale. Kumene kulibe, rula ya mwana wa sukulu yoikidwa pakati pace peni-peni pa pensulo ingathandize: kobiri lokayikitsa kumapeto kuno, linzace la mtundu womwewo ndi caka comweco kumapeto uko. Njirayi siona kusiyana kwakung'ono, koma kobiri lopalidwa kwambiri imaligwira.

Kobiri lobenthuka m'mbali ndilo limasokoneza anthu ambiri, ndipo apa mpofunika kukumbukira mai wa masikono uja. Akadula pafupi kwambiri ndi pamene wadula kale, sikono imaturuka ndi mbali yolowa m'kati mozungulira. Makina oboola tizidutswa amacitanso comweco nthawi zina. Popeza kadutswako kanabenthuka kasanamenyedwe, zizindikiro zace zimadziwika. Malemba a pafupi ndi pobenthukapo amanka nazimiririka pang'onopang'ono ngati akutsetserekera m'dzenjemo, mkombero umatha mofatsa, ndipo kawirikawiri mkombero wa tsidya linalo, moyang'anizana ndi pobenthuka, umakhala wofooka kapena wophwatalala. Kobiri limene linadulidwa ndi sowo kapena ndi citsulo cakuthwa liribe zonsezi. Malemba amangoduka mwadzidzidzi ali athunthu, podulidwapo mpakuthwa kapena pali zipsera za tupa, ndipo tsidya linalo mkombero uli njo monga mwa masiku onse.

Za kobiri la mitu iwiri sizifuna mau ambiri. Pafupifupi onse otere ndi nchito ya manja a anthu, opangidwira masewera a matsenga ndi a juga. Wina amakumba kobiri limodzi, napala linzace, naziphatikiza. Msoko wace umabisala m'kati mwa mkombero kapena m'mbali, ndipo likagwetsedwa pa simenti limalira mogontha, losamveka ngwee monga anzace.

Malemba otembenuka, owerengeka cam'mbuyo ndi olowa m'kati, afuna cheru. Zimacitikadi ku fakitale kuti kobiri limamatirira ku cidindo nkumenya kadutswa kotsatira, ndipo pamenepo mbali imodzi imakhala cithunzi cotembenuka colowa pansi, pamene mbali inayo iri yoyera ndi yakuthwa bwino. Koma mnyamata aliyense amene ali ndi nyundo angathe kusanjikiza makobiri awiri nkuwamenya. Pamenepo malemba otembenukawo amakhala pamwamba pa nkhope yakale imene ikuonekabe, kumbuyo kwace kumakhala kophwanyika, ndipo kobiri lonse limataya kuzungulira kwace. Makobiri amene ana a m'mbali mwa njanji amaika kuti sitima iwaponde ali m'gulu lomweli, ngakhale atatalika ngati tsamba la mlombwa.

Mtundu wa kobiri suuza munthu kanthu kodalirika. Kobiri limene linapsya pamodzi ndi nyumba limada kapena kufiira, ndipo lina limatupa matuza. Lokhala m'munda zaka zambiri limacita ndere yobiriwira kapena dzimbiri. Loviikidwa mu asidi wa mu batire limacepa, limapyapyala, nkhope nkuoneka ngati ya m'nkhungu, koma malemba onse alipo, ocepa pamodzi ndi kobirilo. Ena amapaka kobiri utoto wagolide nkumati ndi la mtundu wosowa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE BOMA LINAPANGA DALA

Pali zinthu zina pa makobiri a dziko lino zimene anthu amaziyesa kulakwika pamene ndi mmene anapangidwira. Peni ya Rhodesia and Nyasaland, ija ya njobvu ziwiri, inapangidwa ndi ciboo pakati, ndipo peni ya Zambia ya 1966 nayonso iri ndi ciboo. Ciboo cimeneci ndi cozungulira bwino, ciri pakati peni-peni, ndipo malemba ndi zithunzi zinakonzedwa mocizungulira. Ciboo ca pa 5 ngwee kapena pa 10 ngwee ndi nkhani ina. Cimeneco cinabooledwa ndi msomali, mwina kuti kobiri libvekedwe mwana m'khosi, mwina kuti ligwire msomali wa malata, ndipo kumbuyo kwace citsulo cimakhala cotumphuka.

Kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni pa 16 January 1968, paundi imodzi kusinthidwa ndi makwacha awiri. Makobiri a nthawi imeneyo, okhala ndi nkhope ya mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu Dr Kenneth Kaunda, 2 ngwee ya ciombankhanga ndi 20 ngwee ya mphoyo, anapangidwa mamiliyoni ambiri. Kukalamba kokha sikupatsa kobiri mtengo, pakuti cimene ciri m'citini ca nyumba iriyonse palibe amene angacilipire ng'ombe. Makobiri a 1 ngwee ndi 2 ngwee a 1968 ndi a mkuwa wosakaniza ndipo sagwidwa ndi maginito, koma a 1983 ndi acitsulo cokutidwa ndi mkuwa, ndipo maginito a mu sipika ya wailesi yakufa amawanyamula. Munthu akapeza 1 ngwee imene ikakamira ku maginito asathamangire ku basi. Ayambe waona caka. Nzodabwitsa kuti dziko la migodi ya mkuwa linafika pogwiritsa nchito makobiri acitsulo, koma citsulo ncochipa, ndipo maiko ambiri anacita comweco.

Momwemonso, ndalama zimene zinayamba kugwira nchito pa 1 January 2013, pamene Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa kwacha, zinali ndi makobiri olembedwa caka ca 2012. Anapangidwa caka cisanathe kuti akhale okonzeka pa tsikulo, ndipo palibe colakwika pamenepo.

NJATI YA MIYENDO ITATU

Nkhani za kunja zionetsa bwino mmene akathyali amatsatira pambuyo pa kobiri lirilonse lochuka, monga nchenche pa nyama. M'caka ca 1943, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati, dziko la America linafuna mkuwa pa zida zankhondo, ndipo linapanga kobiri lace laling'ono, la 1 cent, ndi citsulo. Koma tizidutswa towerengeka ta mkuwa tinatsalira m'makina nkumenyedwa ndi cidindo ca 1943. Makobiri amenewa ndi osowa kwambiri, kotero kuti limodzi la iwo, lopangidwa ku Denver, linagulidwa ndi madola 1.7 miliyoni m'caka ca 2010. Onyenga anapeza njira ziwiri. Ena anatenga makobiri acitsulo a 1943, amene alipo ocuruka zedi, nawakuta ndi mkuwa. Ena anatenga a mkuwa a 1948 napala mbali ya kumanzere ya nambala 8 kuti ioneke ngati 3. Oyambawo amagwidwa ndi maginito, ndiponso amalemera magalamu 2.7 m'malo mwa 3.11. Aciwiriwo amagwidwa poyerekeza ndi kobiri lina la 1943, pakuti 3 weniweni wa caka cimeneco ali ndi mcira wautali wotsikira pansi umene 8 wopalidwa sangakhale nao.

Ku Denver komweko, m'caka ca 1937, wanchito wina anapala cidindo ca 5 cents mopitiriza pofuna kucotsa zipsera, nafafaniza mwendo umodzi wakutsogolo wa njati ya pa kobirilo, nkutsala ciboda cokha pansi. Makobiri onse oturuka m'cidindo cimeneco anali ndi njati ya miyendo itatu. Atachuka, anthu anayamba kucotsa mwendo pa makobiri abwino ndi tupa. Akatswiri sayang'ana mwendo wosowawo wokha. Amayang'ana zipsera zina zazing'ono zimene cidindo cija cinasiya pa kobiri lirilonse loona, ndipo zimenezo wopala ndi tupa sangazipange.

Pamenepa pali phunziro limene ligwira nchito ngakhale pa 5 ngwee ya ku Katete. Kulakwika kwa m'cidindo sikubala mwana mmodzi. Cidindo cimamenya makobiri zikwi zambiri cisanacotsedwe, ndipo onsewo amafanana ngati mapasa. M'caka ca 1955 ku Philadelphia kunaturuka makobiri a 1 cent oposa 20,000 amene caka ndi malemba ace zinali zowirikiza kawiri, ndipo onse ndi ofanana. Ku Britain m'caka ca 2008, pamene anasamutsa caka kucicotsa kumbuyo kwa 20 pence kupita kumaso, fakitale ya Royal Mint inaphatikiza cidindo cakale ca kumaso ndi catsopano ca kumbuyo, ndipo panaturuka makobiri opanda caka mbali zonse ziwiri, amene ciwerengero cao cinayerekezedwa kuti sicipitirira 250,000. Royal Mint yomweyo, imene inasulanso makobiri oyamba a Zambia, m'caka ca 1967 inaphatikiza cidindo ca dziko la Bahamas ndi ca dziko la New Zealand pa kobiri limodzi. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku a osonkhanitsa makobiri, ndipo zithunzi zace zipezeka pa intaneti. Cotero munthu akabwera ndi kobiri lopanda caka kapena losowa cilembo, nanena kuti ndi lokhalo pa dziko lonse lapansi, mau ace omwewo ndiwo ayenera kukayikitsa womvera. Pamene panali cakapo payang'anidwe ndi galasi lokuza zinthu. Pakakhala polowa pang'ono, ponyezimira mosiyana ndi ponse, padutsa tupa.

Kunena zoona, ngakhale kulakwika kweniweni kambiri sikulemeretsa munthu. Kamzere ka cidindo cong'ambika, kapena kutsetsereka kwa pang'ono, nzinthu zofala zimene osonkhanitsa amagula ndi ndalama zocepa, kapena sagula konse. Mitengo ya mamiliyoni ija ndi ya makobiri owerengeka a maiko amene ali ndi osonkhanitsa ambiri olimbirana. Mtengo wa kobiri lolakwika suikidwa ndi boma kapena ndi banki. Umaikidwa ndi wogula, ndipo ogula makobiri a Zambia si ambiri.

Pali kulakwa kumodzi kumene kumamvetsa cisoni koposa, cifukwa kumacitidwa ndi mtima wabwino. Munthu akaganiza kuti kobiri lace ndi lamtengo, amalikweca ndi phulusa, mcenga kapena ndimu kuti liwale ngati poto wa mai waukhondo. Pakutero waliononga ndi manja ace. Osonkhanitsa amafuna khungu la kobiri monga linaturukira m'cidindo, ngakhale litada ndi zaka, ndipo lokwecedwa amalicotsera mtengo kwambiri. Ndiponso kukwecako kumafafaniza zizindikiro zomwe zija zimene zikanacitira umboni kuti kulakwikako ndi kwa ku fakitale. Kobiri lokayikitsa ligwiridwe m'mbali, likulungidwe m'pepala loyera lokhalokha, ndipo lisungidwe pouma.

Za ogula oyendayenda, cizindikiro cao ndi cimodzi. Wogula weniweni amapereka ndalama kwa mwini kobiri. Kathyali amayamba ndi kuitanitsa: ya kulembetsa, ya mankhwala opimira, ya kutumizira bwana amene ali kunja, ndipo kawirikawiri amafuna kuti itumizidwe pa foni lero lomwe, mwai usanapite kwa wina. Ena amayenda awiri. Woyamba amafika pa mudzi nanena kuti afuna kobiri lakutilakuti pa mtengo waukulu, ndipo patapita masiku mnzace amafika ali nalo kobiri lomwelo, naligulitsa mochipa kwa amene anamva mau a woyamba uja. Woyambayo saonekanso. Awerengi akumbukirenso kuti malamulo a dziko lino amaletsa kupala, kudula kapena kusintha ndalama, ndipo wogulitsa kobiri losinthidwa monamiza kuti ndi losowa angaimbidwe mlandu wakuba mwacinyengo.

Mwini kobiri amene wayesa cikhadabo, maginito ndi sikelo, nayerekeza ndi linzace la caka comweco, koma aonabe kuti cilemaco ncocokera ku fakitale, safunika kukwera basi tsiku lomwelo. Mwana kapena mdzukulu amene ali ndi foni yojambula atenge zithunzi zitatu pa kuwala kwa dzuwa, kumaso, kumbuyo ndi m'mbali, alembe kulemera kwace, ndipo azionetse kwa ogulitsa makobiri oposa mmodzi, osauza wina mtengo umene mnzace wachula. Kufunsa kotere sikulira ndalama yoposa ya mayunitsi a foni, ndipo kobiri limakhala liri m'nyumba mwa mwini wace kufikira mtengo utamveka ndi ndalama zitawerengedwa pamaso pa mboni, makamaka a mfumu kapena aphunzitsi a pa sukulu yapafupi.